Amatinyamulira mauthenga ulere: tiwakhulupirire mpaka pati?

Mu Febuluwale 2016 apolisi anamanga akuluakulu atatu a chipani cha Malawi Congress Party, chimene pa nthawiyo chinali chotsutsa boma: mayi Jessie Kabwila, a Peter Chakhwantha ndi a Ulemu Msungama. Sanawagwire ndi mfuti, ndipo sanawapeze pa msonkhano wa usiku. Chimene chinawatengera kupolisi ndi zokambirana zimene amati zinachitika pa WhatsApp, zitatuluka poyera. Mlandu umene anawapatsa unali waukulu zedi, wofuna kulanda boma. Chaka chotsatira boma linausiya mlanduwo.

Patangopita milungu yochepa chimangidwire atatuwo, mu Epulo chaka chomwecho, kampani ya WhatsApp inalengeza kuti uthenga uliwonse wodutsa pa pulogalamu yake uzikhala wokhoma kuchokera pa foni ya wotumiza mpaka pa foni ya wolandira. Kuyambira pamenepo tinayamba kuona timalemba tachikasu tija pamwamba pa macheza athu, totitsimikizira kuti palibe wina, ngakhale eni ake a WhatsApp, angawerenge zimene talemba. Ambiri timangotidumpha. Ena amatiwerenga mtima n'kukhala pansi, basi ayambe kutumiza chithunzi cha chiphaso cha unzika, zotsatira za kuchipatala, madandaulo a m'banja, miseche ya kuntchito ndi maganizo awo enieni pa za ndale.

Timalembato sitinama. Koma timanena mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene sitinena ndi imene yakhala ikupweteketsa anthu, kuno kwathu ngakhalenso kunja.

Loko alipodi, koma wakhoma chiyani?

Njira imene WhatsApp imakhomera mauthenga, imene akatswiri amati end-to-end encryption, sinapangidwe ndi WhatsApp. Anaitenga kwa kagulu ka akatswiri kotsogoleredwa ndi Moxie Marlinspike, komwenso kanapanga pulogalamu ya Signal. Mukalemba uthenga, foni yanu imausokoneza kukhala zilembo zopanda tanthauzo, ndipo kiyi wobwezeretsa tanthauzolo ali m'foni ya wolandira yekha. Makompyuta a kampani, amene uthengawo umadutsamo, amangoona zilembo zosokonekerazo. Akatswiri odziimira paokha anaiunika njirayi ndipo amaiyamikira. Pamenepa tisawanamizire a WhatsApp: lokoyo ndi weniweni.

Taganizani tsono za kalata yomata imene mwapatsira kondakitala wa basi ya ku Mzuzu. Munthuyo ndi wokhulupirika, satsegula makalata a eni. Komabe akudziwa kuti kalatayo yachokera kwa inu, ikupita kwa yani, mwamupatsira pa siteji iti, nthawi yanji, ndiponso kuti mwezi uno mwalembera munthu yemweyo kangapo, nthawi zonse mayi a kunyumba akapita kumudzi. Akufunikanso kutsegula? Zolembedwa kunja kwa emvulopuzi ndi zimene amati metadata, ndipo loko uja sazikhudza. WhatsApp imadziwa nambala yanu, nambala za anthu a m'foni mwanu ngati munailola kuziona, mtundu wa foni, kampani ya netiweki, adiresi ya intaneti yosonyeza dera limene muli, magulupu amene mulimo ndi nthawi imene mumalowa ndi kutuluka. Sikuti amachita mobisa. Zonsezi zinalembedwa m'ndondomeko ija timangovomera osawerenga, poti ndi yaitali ndipo bandulo ikutha.

Wina angati zimenezo ndi zazing'ono. Michael Hayden, amene anatsogolerapo mabungwe awiri a ukazitape a dziko la America, NSA ndi CIA, sankaziona choncho. Pa mtsutso wina ku yunivesite ya Johns Hopkins mu 2014 ananena poyera kuti boma lawo limapha anthu potengera metadata. Nkhani ina yofika pafupi ndi ife atolankhani ndi ya Natalie Edwards, mkulu wina wa ku unduna wa zachuma wa dziko lomwelo, amene anapereka zikalata zachinsinsi kwa mtolankhani wa BuzzFeed News. Ankalemberana pa WhatsApp. Mwa umboni umene unamugwiritsa munali kaundula wosonyeza kuti nambala yake ndi ya mtolankhaniyo zinkatumizirana mauthenga ochuluka pa nthawi imene nkhanizo zinkasindikizidwa. Anamangidwa mu 2018, ndipo mu 2021 anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 6. Chaka chomwecho magazini ya Rolling Stone inatulutsa chikalata cha FBI chosonyeza kuti khoti likalamula, WhatsApp imatha kupereka, pa mphindi 15 zilizonse, mndandanda wa anthu amene munthu wofufuzidwayo akulemberana nawo.

Palinso zitseko ziwiri zakumbuyo zimene ambiri sazidziwa. Choyamba ndi backup. Foni ikasunga macheza anu ku Google Drive kapena iCloud, loko uja sawatsatira kumeneko pokhapokha inu mutayatsa nokha loko wina amene WhatsApp inaonjezera mu Okutobala 2021. Paul Manafort, amene anayendetsapo kampeni ya Donald Trump, anagwidwa mu 2018 akuyesa kunyengerera mboni, mbali ina chifukwa cha mauthenga a WhatsApp amene anapezeka mu iCloud yake. Chachiwiri ndi batani lokanenera munthu. Wina akakunenezani kwa kampani, mauthenga anu asanu omaliza amapita kumeneko ali otsegula. Bungwe la atolankhani la ProPublica linapeza mu 2021 kuti anthu oposa 1,000 olembedwa ganyu ku Austin, Dublin ndi Singapore ankagwira ntchito yoona mauthenga otere. Cholinga chake ndi chabwino, kuthana ndi akuba ndi ogwirira ana. Koma mawu oti palibe amene angawerenge amafunika kuwamva mochenjera.

Lonjezo la Jan Koum

Nkhani yophunzitsa kwambiri ndi mbiri ya WhatsApp yeniyeniyo. Anaiyambitsa mu 2009 ndi anthu awiri amene anagwirapo ntchito ku Yahoo, Jan Koum ndi Brian Acton. Koum anakulira pafupi ndi Kyiv, dziko la Ukraine lili pansi pa ulamuliro wa Soviet Union, ndipo anasamukira ku California ali ndi zaka 16. Ankakonda kufotokoza mmene mayi ake ankadulira nkhani pa telefoni poopa kuti boma likumvetsera. Akuluakulu amene anakhalako m'nthawi ya chipani chimodzi kuno safunika kuwamasulira mantha amenewo. Koum ndi Acton ankadana ndi malonda otsatsa pa foni. M'malo mwake ankalipiritsa dola imodzi pa chaka, poganiza kuti munthu wolipira ndi kasitomala, pamene wosalipira amasanduka katundu.

Mu 2014 Facebook inagula WhatsApp pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Anthu atada nkhawa, Koum analemba kuti palibe chisinthe, kulemekeza chinsinsi cha anthu kuli m'magazi a kampaniyo. Nayo Facebook inauza akuluakulu a European Commission, amene ankaunika malondawo, kuti ilibe njira yodalirika yolumikizira nambala ya munthu ya WhatsApp ndi akaunti yake ya Facebook.

Mu Januwale 2016 dola ija inachotsedwa, WhatsApp inakhala yaulere. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu Ogasiti chaka chomwecho WhatsApp inalengeza kuti iyamba kupereka nambala za mafoni a anthu kwa Facebook. A European Commission atafufuza anapeza kuti njira yolumikizira ija inalipo kale mu 2014, ndipo antchito a Facebook ankaidziwa. Mu Meyi 2017 analipiritsa kampaniyo chindapusa cha mayuro 110 miliyoni. Chimamveka chachikulu mpaka mutawerengera: chaka chimenecho Facebook inalowetsa madola oposa 40 biliyoni, kutanthauza kuti chindapusacho chinali ndalama za tsiku limodzi n'kachidutswa.

Acton anachoka mu 2017, Koum mu 2018. Acton anauza magazini ya Forbes kuti anagulitsa chinsinsi cha anthu amene ankamukhulupirira, ndipo akukhala nacho chimenecho tsiku ndi tsiku. Anatenga madola 50 miliyoni n'kukathandiza kukhazikitsa bungwe la Signal Foundation. Mu Juni 2025 WhatsApp inalengeza kuti malonda otsatsa ayamba kuoneka pa Status.

Ine sindikayika kuti Koum ankanena zoona mu 2014. Vuto ndi loti lonjezo linali la munthu, pamene kaundula ndi wa kampani. Munthu amachoka, amagulitsa, amatopa. Kaundula amatsala kwa mwini watsopano. Meta, dzina latsopano la Facebook, inalowetsa madola oposa 160 biliyoni mu 2024, pafupifupi onse kuchokera ku malonda otsatsa. Kampani yodya za malonda otsatsa imakhala ndi njala yodziwa za ife, ngakhale antchito ake atakhala oopa Mulungu chotani.

Ambiri tikukumbukira chipwirikiti cha Januwale 2021, pamene WhatsApp inatiuza kuti tivomere ndondomeko yatsopano pofika pa 8 Febuluwale, apo ayi tisiye. Anthu mamiliyoni anathamangira ku Signal ndi Telegram, mpaka kampani inasuntha tsikulo kufika pa 15 Meyi. Choseketsa n'choti zambiri zimene anthu ankaopa zinali zitayamba kale mu 2016; kusintha kwa 2021 kunkakhudza makamaka macheza ndi mabizinesi. Chimene chinaoneka bwino nthawi imeneyo ndi china: anthu a ku Ulaya anali ndi ndondomeko yawoyawo, yowateteza kuposa ya ife tonse, chifukwa cha lamulo lawo lolimba la GDPR. Bungwe la Information Regulator la ku South Africa linadandaula poyera za kusiyana kumeneku. Pulogalamu ndi imodzi, koma ulemu umene imakupatsa umatengera mphamvu ya lamulo la dziko lako.

Za kampani ya Cambridge Analytica zinamveka mokwanira. Anthu pafupifupi 270,000 anayankha mafunso a kamasewero kena pa Facebook, ndipo kudzera mwa iwowo zinthu za anthu okwana mpaka 87 miliyoni zinakololedwa, ambiri a iwo osadziwa n'komwe. Akuluakulu a Cambridge Analytica anajambulidwa mobisa ndi wailesi ya kanema ya Channel 4 akudzitama kuti anayendetsa kampeni za Uhuru Kenyatta ku Kenya mu 2013 ndi 2017. Mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni. Mu Epulo 2021 nambala za mafoni ndi maina a anthu 533 miliyoni a pa Facebook, ochokera m'maiko 106, zinatayidwa pa intaneti kuti aliyense atole.

Ya Twitter ndiyo imandikhalitsa chete. Wantchito wake wina, Ahmad Abouammo, anapezeka wolakwa mu 2022 pa mlandu wogwirira ntchito boma la Saudi Arabia mwachinsinsi. Ankatsegula maakaunti a anthu odzudzula bomalo n'kupereka ma email ndi nambala zawo, iye n'kulandira wotchi yodula ndi madola mazana a zikwi. Sipanafunike katswiri woboola makompyuta. Panangofunika munthu mmodzi wa m'kati wokonda ndalama. Chaka chomwecho Twitter inalipira madola 150 miliyoni chifukwa chotenga nambala zimene anthu anapereka kuti ateteze maakaunti awo n'kuzigwiritsa ntchito pa malonda otsatsa, ndipo mu Okutobala kampani yonse, pamodzi ndi mauthenga onse a m'mbali amene anthu analemberana kwa zaka zambiri, inapita m'manja mwa Elon Musk.

Othawira ku Telegram ndi ku Signal

Amene anathawira ku Telegram mu 2021 poganiza kuti apeza chinsinsi chokhwima anathawira kolakwika. Macheza wamba a pa Telegram, kuphatikizapo magulupu onse, sakhomedwa kuchokera pa foni mpaka pa foni. Amasungidwa m'makompyuta a kampani, ndipo makiyi ali ndi kampaniyo. Loko weniweni amapezeka pokhapokha mutatsegula nokha chimene amati Secret Chat, ndipo chimatheka pakati pa anthu awiri okha. Chitetezo cha ena onse chagona pa mawu a mwini wake, Pavel Durov, amene kwa zaka zambiri ankadziwika ndi kukana maboma. Mu Ogasiti 2024 anamangidwa atangotera pa bwalo la ndege la Le Bourget, kufupi ndi Paris. Mwezi wotsatira Telegram inasintha ndondomeko yake: tsopano imapereka nambala za foni ndi maadiresi a intaneti a anthu oganiziridwa milandu, boma likapempha motsata lamulo. Mwina n'koyenera, poti pa Telegram pamachitikadi zauve zambiri. Koma taonani mmene lonjezo la zaka khumi linasinthira m'milungu inayi.

Signal inasankha njira ina, ndipo ndi imene ine ndimaiona yanzeru. M'malo molonjeza kuti sidzapereka, inadzipanga kuti isakhale ndi chopereka. Mu 2016 khoti lina la ku Virginia linailamula kupereka zonse zimene inali nazo za nambala zina. Inapereka zinthu ziwiri: tsiku limene akaunti inatsegulidwa, ndi tsiku lomaliza limene inalumikizana ndi makompyuta awo. Zina panalibe. Chimene kampani sinasunge singachipereke kwa apolisi, wantchito wake sangachigulitse, wakuba sangachibe, ndipo wogula kampaniyo mawa sangachipeze. Muyeso wabwino woyezera makampaniwa ndi umenewu. Mawu okoma ali nawo onse.

Komatu Signal si mankhwala a uchitsiru. Mu Malichi 2025 akuluakulu a chitetezo a boma la America ankakambirana pa Signal zokaphulitsa mabomba ku Yemen, ndipo mlangizi wa pulezidenti pa za chitetezo, Mike Waltz, analowetsa mwangozi m'gulupumo mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg. Loko anagwira ntchito yake bwinobwino: anapereka uthenga kwa aliyense amene anali m'gulupu, mtolankhani yemwe.

Kwa ife palinso vuto la m'thumba. Mabandulo otsika mtengo amene Airtel ndi TNM amagulitsa ndi a WhatsApp ndi Facebook. Signal imafuna bandulo ya intaneti wamba, ndipo ngakhale mutaigula, achibale a kumudzi, a ku Joni, a mpingo ndi a banki mkhonde onse ali pa WhatsApp. Zimenezi sizinangochitika zokha. Facebook inayambira ku Zambia mu 2014 ntchito yake yopereka masamba ena a intaneti ulere, ndipo chaka chotsatira inafika ku Malawi. Kwa anthu ambiri intaneti yoyamba imene anaiona inali ya kampani imeneyi. Kuuza mayi wogulitsa zitenje pa Status kuti achoke pa WhatsApp n'kumuuza kuti atseke bizinesi.

Chilungamo chimafunanso kunena kuti nthawi zina makampani omwewa ndi amene amaimirira pakati pa ife ndi maboma. Ku Brazil makhoti anatsekapo WhatsApp mu 2015 ndi 2016, mpaka mkulu wina wa Facebook, Diego Dzodan, anagona m'chitolokosi chifukwa kampani sinapereke mauthenga amene inati ilibe. Mu 2021 WhatsApp inasumira boma la India pa lamulo lofuna kuti azitha kupeza woyambitsa uthenga uliwonse. Mu 2019 inazindikira kuti pulogalamu ya ukazitape ya Pegasus, yopangidwa ndi kampani ya ku Israel ya NSO Group, inalowa m'mafoni a anthu pafupifupi 1,400 kudzera pa kuimba kwa WhatsApp, ngakhale mwini foni osayankha. Mwa iwo munali otsutsa boma la Rwanda okhala kunja, ndiponso bishopu wa Katolika wa ku Togo. WhatsApp inawadziwitsa anthuwo, inasumira NSO, ndipo khoti la ku California linapeza NSO yolakwa mu Disembala 2024.

Koma pamene lamulo lakhwima, kampani imagonja. Mu 2022 apolisi a ku Nebraska, ku America, anapita kwa Facebook ndi chilolezo cha khoti, ndipo anapatsidwa macheza a pa Messenger a mayi wina ndi mwana wake wamkazi okhudza kuchotsa pakati. Onse awiri anakalowa m'ndende. Pa nthawiyo Messenger inalibe loko wokhazikika. Anamuika kumapeto kwa 2023. Mu Febuluwale 2025 Apple inachotsa ku Britain njira yake yokhwima yotetezera zosungidwa mu iCloud, boma litafuna khomo lolowera. Abale athu a ku Leeds ndi Manchester anataya chitetezo chimenecho popanda wowafunsa.

Chitseko cha kwathu

Tikabwerera kumudzi kuno, nkhani imasintha maonekedwe. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula mwachindunji makalata ndi njira zonse zolankhulirana. Koma kuyambira mu 2018 SIM khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso. WhatsApp, Telegram ndi Signal zonse zimafuna nambala ya foni polembetsa. Choncho nambala imene imaoneka m'gulupu ya anthu mazana awiri, ambiri osawadziwa, ndi yomweyo imene ili pa chiphaso chanu cha unzika, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi ku banki.

Ndipo milandu imene tikuidziwa kuno sinafune Pegasus. Mu 2024 bambo wina wa m'boma la Dowa anapezeka wolakwa chifukwa cha kavidiyo konyoza Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kamene anaika m'gulupu ya WhatsApp ya m'dera lawo. Anthu a m'gulupu momwemo ndi amene anakanena. Anamulamula kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi 6. Mu 2016 omangidwa anali a MCP pansi pa boma la DPP. Mu 2024 womangidwa anali wonyoza mtsogoleri wa MCP. Chipani chikakhala kunja chimalira za ufulu wa pa WhatsApp, chikalowa m'boma chimaupeza wowawa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi ndime zotakata moti aliyense wogwira mpeni angaligwiritse ntchito.

Njira ina ndi yachidule kwambiri: kulanda foni. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, n'kutenga foni ndi kompyuta yake pofuna kudziwa amene anamupatsa nkhani ya katangale. Mu Febuluwale 2024 analanda mafoni ndi malaputopu a atolankhani 14 a MBC pofufuza tsamba lina la pa Facebook. Foni ikakhala m'manja mwa wina ili yotsegula, loko wa ku California alibe ntchito.

Tisaloze apolisi okha. Pitani kumene amakonza mafoni, ku Malangalanga kapena mu Limbe, muone mmene zimakhalira. Mtsikana wabwera ndi foni yosweka galasi. Wokonza akuti, "Sisi, pateni ndi chani? Ndifunika nditeste ikatha." Iye akujambula pateniyo ndi chala pa tebulo, n'kunyamuka kukagula kaunjika, kubwerako ndi madzulo. Okonza ambiri ndi anthu olemekezeka ofuna kudyetsa ana awo. Koma kwa maola amenewo zithunzi zonse, mavoisi onse ndi macheza onse ali pa tebulo la munthu amene dzina lake lenileni sakulidziwa. Zithunzi zina zimene zimazungulira m'magulupu n'kuwononga mabanja ndi maphunziro a atsikana zimachoka m'mafoni osiyidwa chonchi, kapena kwa chibwenzi chimene chakwiya.

Pafupi pomwepo pali mnyamata woika mapulogalamu, amene amakufunsani ngati mukufuna WhatsApp wamba kapena GB. Ambiri amasankha GB WhatsApp chifukwa imabisa kuti uli pa intaneti, imaonetsa mauthenga ofufutidwa, imasunga Status za anzako. Imeneyo si ya kampani ya WhatsApp. Anaisintha ndi anthu osadziwika, imayenda kuchoka pa foni kupita pa foni, ndipo palibe angakuuzeni chimene anaikamo. Kampani ya Kaspersky inapezapo pulogalamu yoipa ya Triada m'mitundu ina ya WhatsApp zosinthidwazi. Munthu woopa kuti Mark Zuckerberg, mkulu wa Meta, amuwerengera mauthenga, koma akugwiritsa ntchito GB, mantha ake wawaika polakwika.

Nanga uthenga uja umabwera kuchokera pa nambala ya mnzanu wa kumpingo: "Pepani abale, ndatumiza kodi molakwitsa pa nambala yanu, tanditumizireni." Manambala asanu ndi limodzi amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukangowapereka, WhatsApp yanu yasamukira m'foni ya wakuba, ndipo pofika madzulo apongozi anu alandira uthenga woti mwagonekedwa kuchipatala, atumize ndalama msanga.

Lamulo lilipo tsopano. Data Protection Act inayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woiyang'anira. Limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene bungwe kapena kampani ikusunga za iye ndi kuzikonzetsa zikalakwika. Ndi chiyambi chabwino, makamaka pa mabanki, makampani a mafoni, zipatala ndi obwereketsa ndalama a konkuno. Pa Meta ndi nkhani ina. Nigeria, dziko la anthu oposa 200 miliyoni, inalipiritsa kampaniyo madola 220 miliyoni mu Julaye 2024, ndipo mkangano utakula Meta inachenjeza kuti ikhoza kutseka Facebook ndi Instagram m'dzikomo. Ngati imayankha choncho ku Abuja, ku Lilongwe ingayankhe bwanji? Maiko ang'onoang'ono ngati lathu angamveke pokhapokha atalankhulira pamodzi, kudzera mu SADC kapena African Union. Ndipo MACRA, imene imayang'aniranso kalembera wa ma SIM khadi, iyenera kuonetsa ndi zochita kuti ingateteze nzika ngakhale wofuna kusuzumirayo ali boma.

Tsono tiwakhulupirire mpaka pati? Pa zimene masamu akuteteza, monga mawu a m'kati mwa uthenga wa WhatsApp kapena Signal uli pa ulendo, akhulupirireni. Pa zimene zangogona pa lonjezo, monga amene adzaone kaundula wa anthu olemberana nanu, mauthenga a m'mbali a pa X (Twitter yakale), TikTok kapena Telegram, ndi zimene mwini watsopano adzachite nazo, mbiri ya zaka khumi zapitazi ikuti ayi.

Inu owerenga, pali zimene mungachite lero lomwe bandulo isanathe. Lowani mu Settings ya WhatsApp muyatse two-step verification, musankhe PIN imene si chaka chanu chobadwa. Yatsani loko wa backup. Chotsani GB muike yeniyeni. Popita kokonzetsa foni khalani pomwepo mpaka ithe, kapena tulutsani kaye zimene simungafune kuti zioneke. Kodi yobwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atakhala abusa. Ndipo m'gulupu imene simungathe kutchula maina a onse amene alimo, lembani zokhazo zimene mungavomere pamaso pa majisitireti kuti munalemba ndinu.